NGOZI YA PA MSEU ISATHERE PANSI PA MTENGO

Nyengo ya kukolola ikafika, mseu waukulu wa pakati pa Chipata ndi Lusaka sugona tulo. Malole a cimanga, a thonje, a nshawa ndi a soya amatsatana usana ndi usiku kucokera ku Katete, Sinda, Petauke ndi Nyimba, kuoloka ulalo wa Luangwa ndi kukwera mapiri a Manenekela. Pakati pa malolewo pamayenda mabasi, makanta ndi njinga zamoto zosawerengeka. Eni ake a magalimoto ambiri mwa amenewa ndi alimi anzathu, aphunzitsi a m'midzi ndi makopaletivu athu. Mwana wa munthu amene anali kusenza thumba pamutu kumka ku msika lero ali ndi kanta yakeyake. Ici ndi cipatso ca ufulu ndi ca khama la ku munda, ndipo tiyenera kucinyadira.

Koma akulu akale anati walira mvula walira matope. Magalimoto akaculuka, ngozi nazo zimaculuka, ndipo ngozi iri yonse imasiya mafunso atatu pa mseu: wobvulala amusamala ndani, galimoto yophwanyika aikonza ndani, ndipo ndalama zake zicokera m'thumba la yani? Anthu ambiri a kwathu amayankha mafunso amenewa mwa kukhala pansi pa mtengo m'mbali mwa mseu ndi kupangana pakamwa. Tsamba lino likunena lero kuti cizolowezi cimeneci cikusaukitsa anthu wamba ndipo ciyenera kutha. Mlandu wa ngozi upite ku polisi, upite ku kampani ya inshuwalansi, ulembedwe pa pepala. Munthu wa ndalama angathe kukhala wopanda pepala, pakuti thumba lake limamulankhulira. Mlimi wa ku Chadiza kapena ku Vubwi cishango cake ndi pepala lomwelo.

Za pansi pa mtengo

Tonse tikudziwa m'mene zimayendera. Magalimoto awiri agundana pa mphambano, anthu asonkhana, ndipo amene akudziwa mumtima kuti walakwa ndiye amayamba kulankhula mokoma. "Atate, tisabvutane ndi apolisi, adzatitayitsa nthawi. Landirani izi mukaongole citseko, zotsalazo ndidzakutumizirani pa lamya mawa." Mwini kanta ayang'ana matumba ake a nshawa amene ayenera kufika ku msika dzuwa lisanalowe, ayang'ana ndalama ziri m'manja mwa mnzakeyo, nabvomera. Agwirana canza, ali yense nalowera njira yake. Palibe amene walemba nambala ya galimoto, palibe amene wafunsa dzina la kampani ya inshuwalansi, ndipo mboni zabalalika kumka kwao.

Bvuto ndi lakuti maso a pa mseu amaona citseko copindika ndi nyali yosweka cabe. Zimene zimadya ndalama zimabisala pansi. Msana wa galimoto, umene amisiri amaucha chassis, ungapindike pang'ono, galimoto niyamba kuyenda cam'mbali ngati nkhanu ndi kudya matayala mbali imodzi. Rediyeta ingabooke pocepa, madzi namadontha mpaka injini itapsa patapita sabata. Zitsulo za ciongolero zingacite mng'alu umene udzadziwika tsiku limene galimoto idzakana kukhota pa phiri. Thupi la munthu nalo liri cimodzimodzi. Amene wagunda mutu kapena mimba angaimirire, naseka, nanena kuti ali bwino, pamene magazi akukha m'kati. Usiku ndi pamene amayamba kusanza ndi kukomoka. Pofika nthawi imeneyo lamya ya mnzathu wa mau okoma uja yazimitsidwa, ndipo ndalama zimene anapereka sizikwanira ngakhale utoto wa citseko.

Akulu amati mlandu suola, koma mlandu wopanda mboni ndi pepala umaolera pomwepo pansi pa mtengo. Wopita ku polisi patapita masabata awiri amapeza kuti zizindikiro za matayala zinafufutika ndipo palibe cimene wapolisi angayeze. Wopita ku kampani ya inshuwalansi wopanda lipoti la apolisi amabwerera cimanjamanja. Wapindula ndi wolakwa uja, amene wagula mlandu waukulu ndi ndalama zocepa cifukwa mnzake anali ndi mantha ndi cangu. Kumeneku ndiko kudyerana masuku pamutu kumene ciphunzitso ca Umunthu cinayamba kudzudzula m'dziko muno mu 1967.

Nkhokwe ya tonse

Ena amati inshuwalansi ndi msonkho wina umene Boma linaika kuti apolisi apeze cifukwa coimitsira magalimoto. Maganizo amenewa ndi olakwika. Inshuwalansi ndi nzeru imene makolo athu anali nayo kale m'njira yao. Nyumba ya mnansi ikapsa, mudzi wonse unali kubweretsa mitengo, udzu ndi luzi, pakuti ali yense anadziwa kuti caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Inshuwalansi iri ngati nkhokwe ya onse oyendetsa magalimoto: ali yense amathiramo pang'ono caka ndi caka, ndipo amene tsoka lamugwera amatapamo zambiri koposa zimene anathira. Imasiyana ndi cilimba ca amai a m'misika, m'mene ali yense amalandira nthawi yake ikakwana. Muno amalandira wogweredwa tsoka yekha. Amene caka catha osacita ngozi sanataye ndalama zake. Wagona tulo ta mtendere miyezi 12, ndiponso wathandiza mkazi wamasiye amene sadzamuona ndi maso.

Atsogoleri amene anamenyera ufulu wa dziko lino anaona kufunika kwa nkhokwe imeneyi. Pa 19 April 1968, ku Mulungushi, Mtsogoleri woyamba wa Zambia, Dr. Kenneth Kaunda, analengeza masinthidwe oika cuma ca dziko m'manja mwa eni dziko. M'caka comweco munabadwa Zambia State Insurance Corporation, ndipo pambuyo pa masinthidwe ena a 1970 inatsala kampani yokhayo yogulitsa inshuwalansi m'dziko muno, kuti ndalama zimene anthu anali kusonkha zisamatulukire kunja. Zinakhala motero mpaka 1992, pamene makampani ena anayamba nchito. Lero makampani ndi ambiri, ndipo amayang'aniridwa ndi bungwe la Boma la Pensions and Insurance Authority, potsata lamulo la inshuwalansi la 2021. Lamulo la pa mseu la 2002, limene linakhazikitsanso bungwe la RTSA, likuti galimoto iri yonse yoyenda pa mseu wa anthu onse iyenera kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena. Njinga yamoto nayo ndi galimoto pamaso pa lamulo.

Cifukwa ca lamulo limeneli sicifuna kufotokoza kwambiri kwa amene akukumbukira za 7 February 2013, pamene basi ndi lole zinagundana ku Chibombo ndi kupha anthu pafupifupi 50. Ngozi yotere imasiya amasiye ndi ana ambiri m'tsiku limodzi, ndipo palibe dalaiva amene angawalipire ndi za m'thumba mwake, ngakhale atagulitsa ng'ombe zonse za m'khola la atate wake.

Pano pali cinthu cimene cimakhumudwitsa anthu ambiri cifukwa ca kusafunsa. Inshuwalansi ya galimoto iri mitundu iwiri ikuluikulu. Mtundu woyamba ndi umene amaucha third party, umene lamulo limakakamiza, ndipo ndiwo wochipa. Umenewu umalipira anthu ena amene galimoto yanu yawabvulaza kapena kuwapha, ndipo kawirikawiri umalipiranso katundu wa ena amene mwaononga, kufikira pa malire a ndalama olembedwa m'pangano. Galimoto yanu ya inu mwini suikonza, ngakhale nyali imodzi. Mtundu waciwiri ndi comprehensive, wokwera mtengo, umene umaphatikiza zonsezo ndi kukonza galimoto yanu, ndi kulipira ikabedwa kapena ikapsa. Cotero mlimi amene ali ndi third party, kanta yake ikagundidwa ndi munthu wina wolakwa, ndalama zokonzera ziyenera kucokera ku kampani ya wolakwayo. Ngati sanalembe dzina la kampaniyo ndi nambala ya pangano, wataya khomo limene akanagogoda. Safunsa anadya phula.

Pa malo a ngozi

Coyamba ndi moyo wa munthu. Woyendetsa ayenera kuima. Kuthawa pa malo a ngozi ndi mlandu wina pamwamba pa woyamba. Ikani tizikwangwani tofiira ta makona atatu kutsogolo ndi kumbuyo, patali ndithu, kuti obwera acepetse liwiro. Ngati mwaika nthambi za mitengo pa mseu monga mwa cizolowezi cathu, muzicotse pocoka, pakuti nthambi zosiyidwa zimagwetsa wa njinga usiku. Wobvulala amene akudandaula khosi kapena msana asakokedwe kapena kupindidwa. Ngati kuli kofunika kumunyamula, amunyamule anthu angapo thupi liri coongoka, pa citseko kapena pa thabwa. Wokomoka asamwetsedwe madzi. Pamene magazi akutuluka, kanikizani ndi nsalu yoyera. Ndipo ali yense amene wagunda mutu, cifuwa kapena mimba apite ku cipatala tsiku lomwelo ngakhale akumva bwino, kaya ndi ku St Francis ku Katete, ku cipatala cacikulu ca Chipata, kapena ku kiliniki ya pafupi. Pepala la dokotala la tsiku la ngozi ndilo umboni umene kampani idzafuna mtsogolo, pamodzi ndi malisiti a mankhwala.

Caciwiri ndi kulemba. Lembani nambala ya galimoto inayo, dzina la woyendetsa ndi nambala ya laisensi yake, dzina la mwini galimoto, dzina la kampani ya inshuwalansi ndi nambala ya pangano monga zalembedwa pa kapepala ka pa galasi lakutsogolo, nthawi, malo, ndi maina a mboni ziwiri kapena zitatu pamodzi ndi midzi yao. Masiku ano lamya zambiri za m'manja zimajambula. Jambulani magalimoto asanasunthidwe, mbali zonse, pamodzi ndi zizindikiro za matayala pa mseu. Wosadziwa kulemba apemphe mwana wa sukulu kapena mlembi wa nthambi amene ali pafupi. Cacitatu ndi kuuza apolisi tsiku lomwelo. Iwo amayeza malo, amajambula mapu a ngozi, amalemba mau a mboni, ndipo pambuyo pake amapereka lipoti. Ndalama iri yonse yolipira pa polisi ikhale ndi lisiti la Boma. Yopanda lisiti ndi ciphuphu.

Pa mseu musabvomere mlandu, ndipo musasaine pepala liri lonse limene mnzanuyo walemba. Kutero si kunama. Munthu amene wangopulumuka ngozi mutu wake sukhala m'malo, ndipo sadziwa ngati mabuleki a mnzake anali abwino, kapena ngati mnzakeyo analawa mowa. Nenani zoona zokhazokha kwa wapolisi monga munaziona, nimusiye oyenera agamule. Mapangano ambiri a inshuwalansi amaletsa mwini galimoto kubvomera mlandu kapena kulonjeza malipiro kampani isanadziwe, ndipo wocita zimenezi angathe kutsala yekha ndi ngongoleyo.

Ku kampani ndi ku galaja

Cacinai ndi kudziwitsa kampani mwamsanga. Pangano limachula nthawi imene muyenera kutero, ndipo munthu angataye malipiro ake cifukwa codikira kuti ayambe wagulitsa mbeu. Kudziwitsa sikufuna ndalama zambiri. Lamya imodzi ikwana, mapepala nabwera pambuyo. Kampani idzakupatsani fomu yodzaza, nidzafuna lipoti la apolisi, laisensi ya amene anali kuyendetsa, kabuku ka umwini kamene tonse timakacha white book, cikalata ca inshuwalansi, ndi mitengo yolembedwa yocokera ku magalaja, kawirikawiri awiri kapena atatu. Pepala liri lonse musanalipereke sungani kope lake, ndipo wolandira asaine ndi kuika tsiku. Cacikulu koposa ndi ici: musayambe kukonza galimoto woyesa wa kampani asanaione. Iye ndiye amatsimikiza kukula kwa kuonongeka. Mukaongola citsulo iye asanafike, mwafafaniza umboni wanu ndi manja anu.

Dziwaninso pasadakhale kuti kampani silipira zonse. M'pangano mumakhala gawo limene mwini galimoto amalipira yekha, lochedwa excess. Tiyerekeze kuti kukonza kwafika K20,000 ndipo pangano likuti gawo lanu ndi 10 pa 100. Inu mudzapereka K2,000, kampani K18,000. Ngati kukonza kungadye ndalama zofika pafupi ndi mtengo wa galimoto yeniyeniyo, kampani imaiyesa yotheratu, nilipira mtengo umene galimotoyo ikanagulidwa pa msika tsiku la ngozi, osati umene munaigulira zaka zisanu zapitazo, ndipo cigoba cake cimakhala ca kampani. Amene amachula mtengo wocepa polembetsa kuti azilipira pang'ono pa caka amadzichera msampha, pakuti malipiro sadzapitirira mtengo umene anachula, ndipo mapangano ena amadulanso malipiro molingana ndi kucepako.

Palinso zifukwa zimene kampani imakanira kulipira, ndipo nzofala kumidzi kuno. Kupatsa makiyi mwana kapena mlamu wopanda laisensi ndi cimodzi. Kuyendetsa utamwa mowa ndi cina. Galimoto yosayenera kuyenda pa mseu, ya matayala otha kapena yopanda cikalata ca fitinesi, ndi cinanso. Galimoto yolembetsedwa ngati ya banja koma yonyamula anthu olipira pakati pa Chipata ndi Lundazi yasintha nchito yake popanda kuuza kampani, ndipo tsiku la ngozi mwini wake angauzidwe kuti pangano silinakhudze ulendo wotere. Cimodzimodzi kanta ya katundu yodzaza anthu pamwamba pa matumba. Amene wagula galimoto kwa mnzake asaganize kuti inshuwalansi yabwera pamodzi ndi makiyi. Pangano ndi la munthu amene analisaina, cotero wogula asinthe umwini ku RTSA ndi kugula inshuwalansi m'dzina lake. Wopita ku Malawi kudzera pa Mwami akumbukire kuti third party ya kuno sioloka malire yokha. Pali Yellow Card ya maiko a COMESA, imene inayamba kugwira nchito mu 1987 m'nthawi ya PTA, ndipo aigule asananyamuke.

Tsopano za ku galaja. Amisiri athu ndi anthu a luso. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zinasowa, masipeya nasowa, ndipo magalimoto ambiri anakhala pa miyala. Amakanika a dziko lino ndiwo anayendetsa mabasi ndi malole ndi nzeru za m'mutu ndi zitsulo zotola. Ulemu umenewo ngwao. Koma m'nkhokwe iri yonse mumapezeka anankafumbwe. Alipo amene amamata phala lokhuthala pa citsulo copindika, napaka utoto wonyezimira, galimoto nioneka yatsopano pamene msana wake ukali wokhota. Alipo amene amalipiritsa sipeya yatsopano naika yakale. Cotero mtengo ulembedwe nchito isanayambe, sipeya iri yonse pa mzere wake. Musalipire zonse poyamba. Pemphani kuti zitsulo zocotsedwa akuonetseni. Pa mabuleki, ciongolero, matayala ndi malamba a pa mpando musafune zochipa, pakuti pamenepo pali miyoyo ya ana a eni. Ndipo pepala lonena kuti mwakhutira ndi nchito musalisaine mpaka mutayendetsa galimoto pa mseu ndi kuona kuti ikuyenda molunjika.

Tikumbukirenso kuti magalimoto a pa mseu wathu amacokera kunja, ambiri kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde, ndipo masipeya ake amagulidwa ndi ndalama zakunja. Nyali iri yonse yosweka ndi dola imene ikanagula mankhwala kapena fataleza. Woyendetsa mosasamala amaononga cake, naononganso thukuta la ogwira nchito m'migodi ndi la alimi amene amabweretsa ndalama zimenezo.

Adani a nkhokwe

Nkhokwe ya tonse iri ndi adani ake. Woyamba ndi amene amagulitsa zikalata zabodza pa masiteshoni ndi m'makhonde a masitolo. Pepala lake limaoneka bwino pa galasi, koma tsiku la ngozi kampani yochulidwapo imati sikudziwani. Gulani ku ofesi ya kampani kapena kwa woimira amene ali ndi cilolezo ca Pensions and Insurance Authority, ndipo tengani lisiti. Waciwiri ndi amene amagula inshuwalansi ngozi itacitika kale, napangana ndi kalaliki kuti abweze tsiku m'mbuyo. Wacitatu ndi mwini galimoto amene amauza makanika kuti aonjezere mtengo kuti agawane. Wacinai ndi wopereka ciphuphu kuti lipoti litembenuzidwe, wolakwa akhale wolungama. Onsewa amadzinyenga kuti akubera kampani ya ndalama zambiri. Kampani imangokweza mtengo kwa onse caka cotsatira, ndipo amene amasenza katunduyo ndi mlimi woona mtima. Bungwe lolimbana ndi ziphuphu, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1980, liripo kuti lilandire madandaulo otere.

Koma cilungamo cimafuna kuti tilankhulenso kwa makampani. Si bwino kukhala ofulumira polandira ndi ozengereza polipira. Mlimi wa ku Lundazi kapena ku Mambwe amene wabwezedwa katatu cifukwa ca pepala limodzi amataya pa ulendo ndalama zimene akanakonzera galimoto, ndipo akafika kwao amauza mudzi wonse kuti inshuwalansi ndi bodza. Kucedwa kwa kampani ndiko kumabwezera anthu pansi pa mtengo. Pangano lolembedwa m'Cingerezi ca maloya liyenera kumasuliridwa kwa wogula m'cinenero cake asanalipire, ndipo kukana kuli konse kulembedwe pamodzi ndi cifukwa cake. Amene waona kuti sanacitiridwe cilungamo alembe dandaulo kwa akulu a kampaniyo, nasunge kope. Ngati sathandizidwa, apite nalo ku Pensions and Insurance Authority. Makhoti nao ali otseguka, ndipo wosowa ndalama za loya angafunse thandizo ku Legal Aid Board.

Udindo wa mudzi

Anzanga a m'nthambi ndi m'magawo a Cipani, nkhani iyi ikukhudza ngakhale amene alibe galimoto, pakuti mseu waukulu umadutsa pakati pa midzi yathu, ndipo ngozi ikacitika oyamba kufika ndife. Oyendetsa ena amathawa cifukwa coopa kumenyedwa ndi khamu. Mudzi umene umamenya dalaiva ndi kutentha galimoto umadzilanda wokha, pakuti wobvulala amasowa womutengera ku cipatala, ndipo umboni umene ukanapezetsa banja lake malipiro umapsa ndi moto womwewo. Sungani dalaiva mwamtendere kwa amfumu kufikira apolisi atafika. Kufunkha katundu wa lole yogubuduzika ndi kuba, ngakhale ofunkhawo atakhala mudzi wathunthu. Ngati ndi thanki ya mafuta, thawirani patali ndi kuthamangitsa ana. Mu November 2016, ku Caphiridzange m'cigawo ca Tete ku Mozambique, anthu makumi ambiri anafa ndi moto pamene anali kutunga mafuta pa lole yotere.

Ng'ombe ndi mbuzi zisagone pa mseu wa tala, ndipo cikocikale coyenda madzulo cikhale ndi zonyezimira kumbuyo. Mwini ciweto cosiyidwa pa mseu angathe kufunsidwa mlandu wa galimoto yoonongeka m'malo molandira malipiro a ng'ombe yake. Amene waona ngozi ndi maso ake apereke dzina lake monga mboni, nanene zoona, kaya wolakwa ndi mlendo kaya ndi mwana wa m'mudzi momwemo. Kubisa wa kwanu lero ndiko kuphunzitsa mudzi wina kubisa wao tsiku limene mwana wanu adzagundidwa kumeneko.

Cotero pa msonkhano wotsatira wa nthambi, apampando aike nkhani iyi pa mndandanda. Apemphe eni magalimoto ndi a njinga zamoto kuti abweretse zikalata zao, aone tsiku limene zikutha, ndi kuwerengerana mokweza zimene pangano likulonjeza ndi zimene likukana. Makomiti a makopaletivu aike ndalama za inshuwalansi ya lole ndi ya thirakitala m'mawerengero a caka asanagawane phindu. M'galimoto iri yonse mukhale kabuku ndi pensulo. Tsoka silinunkha, ndipo silidikira tsiku limene thumba liri lodzaza. Amene wasunga mapepala ake adzaimirira pamaso pa kampani ndi pa khoti monga mfulu ya dziko lino, wofanana ndi wina ali yense, kaya wabvala suti kaya nsapato za matayala. Ufulu umene tinalandira pa 24 October 1964 unatipatsa malamulo athuathu. Tiyeni tiwagwiritse nchito.

Zambia Imodzi, Mtundu Umodzi!